Liwiro lili m'miyendo, koma thanzi la wothamanga lili m'matumbo

Chaka chilichonse m'nyengo yozizira, kawirikawiri m'mwezi wa July, anthu mazanamazana amasonkhana pa Likhubula m'boma la Mulanje kudzapikisana pa mpikisano wa Porters Race. Amakwera phiri kulunjika ku Chambe, kudutsira ku Lichenya n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, ndipo akatswiri amaumaliza pasadathe maola atatu. Mpikisanowu udayamba ngati wa anthu onyamula katundu wa alendo okwera phiri, koma lero aliyense wodzidalira amaloledwa kuyesa mwayi.

Kuseri kwa phiri lomweli kuli boma la Phalombe. Kumeneko nakonso kuli anyamata amene amaperekeza alendo kuchokera pa Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kukwera nawo mpaka ku Sombani. Kuli atsikana osewera mpira wamanja, matimu a mpira wamiyendo a ku Migowi, Chiringa ndi Nkhulambe, komanso ana asukulu othamanga m'mipikisano ya m'mazoni. Popeza bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu July 2025, pali chiyembekezo choti alendo achuluka, ndipo ntchito ya miyendo ya achinyamatawa ikula.

Achinyamata omwewa ndiwo akukumana ndi otsatsa malonda pa Facebook ndi WhatsApp amene akulonjeza mphamvu za m'botolo. Pakati pa katundu wotsatsidwayo pali ma probiotic, amene akutchuka kwambiri pakati pa ochita masewero m'maiko olemera. Funso ndi lakuti, kodi wothamanga wa ku Phalombe, amene nthawi zina amapita kokonzekera atangomwa phala, ayenera kutaya ndalama zake pa zinthu zimenezi?

Kafukufuku amene alipo akuonetsa kuti ma probiotic ali ndi phindu, koma phindulo ndi lochepa ndipo silili pamene otsatsa malonda amaliika. Saonjezera liwiro. Chimene ena mwa iwo amachita ndi kuchepetsa masiku amene wochita masewero amagona ndi chimfine kapena kuvutika m'mimba. Ndipo kwa munthu wa ku Phalombe, njira yofikira phindu limeneli imadutsa pamjigo ndi pamtsuko wa thobwa isadafike pasitolo ya mankhwala.

Kodi ma probiotic n'chiyani?

Anthu ambiri akamva za tizilombo tosaoneka ndi maso amaganiza za matenda. Koma m'thupi la munthu wamkulu muli mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ndipo ochuluka mwa iwo amakhala m'matumbo aakulu. Ambiri sayambitsa matenda. Amathandiza kugaya zakudya zimene mimba yalephera kugaya, amapanga ena mwa mavitamini, amalimbirana malo ndi tizilombo toyambitsa matenda, komanso amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa mdani ndi mnansi.

Maganizo oti munthu akhoza kudya tizilombo tabwino mwadala si atsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, wasayansi wa ku Russia, Élie Metchnikoff, amene ankagwira ntchito ku Paris, adalemba kuti alimi a ku Bulgaria amakhala moyo wautali chifukwa chomwa mkaka wosasa. M'chaka cha 2001, akatswiri amene adaitanidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO adagwirizana tanthauzo limene likugwirabe ntchito mpaka lero. Malinga ndi tanthauzolo, probiotic ndi tizilombo tamoyo timene, tikaperekedwa pamlingo wokwanira, timabweretsa phindu pa thanzi la wotilandira.

Tanthauzoli lili ndi mfundo zitatu zimene wogula aliyense ayenera kukumbukira. Tizilomboto tikhale tamoyo pamene tikulowa m'kamwa. Tikhale tochuluka mokwanira, zimene nthawi zambiri zimatanthauza mabiliyoni patsiku. Ndipo phindu lake likhale lotsimikizika kudzera m'kafukufuku. Palinso mfundo yachinayi imene akatswiri amabwerezabwereza: zimene mtundu umodzi wa bakiteriya wachita sizitanthauza kuti mbale wake angachitenso. Mayina monga Lactobacillus ndi Bifidobacterium ali ngati mayina a mafuko. M'fuko limodzi muli anthu ambiri, ndipo si onse amene amadziwa ntchito imodzi.

Chimene chimachitika m'mimba mwa wothamanga

Munthu akamathamanga mwamphamvu kwa nthawi yaitali, thupi limatumiza magazi ambiri kuminofu ndi kukhungu, ndipo matumbo amatsala ndi ochepa. Kutentha kwa thupi kukakwera ndi madzi kuchepa, khoma la matumbo limafooka n'kuyamba kulola zinthu zimene zimayenera kutsalira m'kati kuti zilowe m'magazi. Zotsatira zake ndi nseru, kupotokola m'mimba, kudzimbidwa, kusanza kapena kutsekula. Akatswiri amati pakati pa 30 ndi 50 mwa othamanga mitunda yaitali 100 alionse amakumana ndi mavuto otere, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ena amalekera mpikisano panjira.

Vuto lachiwiri ndi la chimfine, chifuwa ndi zilonda zapakhosi. Wochita masewero amene akukonzekera mwamphamvu, osagona mokwanira, osadya mokwanira, ndiponso woyenda m'magalimoto odzaza anthu, amadwala matenda amenewa pafupipafupi. Ku Phalombe ndi Mulanje, miyezi ya June ndi July ndi ya chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yowaza. Imeneyi ndi nyengo yomweyo imene othamanga amakhala pachimake pokonzekera mpikisano wa paphiri. Sabata imodzi yogona ndi chimfine panthawi yotere ikhoza kuononga ntchito ya miyezi itatu.

Popeza gawo lalikulu la chitetezo cha m'thupi limakhala m'mbali mwa matumbo, asayansi adaganiza kuti kusamalira tizilombo ta m'matumbo kukhoza kuthandiza pa mavuto onse awiri. Apa ndi pamene kafukufuku wa ma probiotic pa masewero adayambira.

Zimene kafukufuku wapeza

M'chaka cha 2010, akatswiri a ku Australia adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adachita pakati pa akatswiri 20 othamanga mitunda yaitali m'nyengo yozizira. Panthawi imene ankamwa mtundu wina wa Lactobacillus fermentum, othamangawo onse pamodzi adadwala matenda a m'chifuwa ndi pakhosi masiku 30. Panthawi imene ankamwa makapisozi ofanana maonekedwe koma opanda tizilombo, adadwala masiku 72. Koma liwiro lawo silidasinthe.

Chaka chotsatira, gulu la Michael Gleeson pa yunivesite ya Loughborough ku England lidapeza zofanana pakati pa ochita masewero amene ankamwa mkaka wosasa wokhala ndi Lactobacillus casei Shirota kwa masabata 16. Amene ankamwa mkakawo adagwidwa chimfine kamodzi kapena kupitirira pang'ono, pamene anzawo adagwidwa pafupifupi kawiri. Komabe gulu lomweli litabwereza kafukufukuyu pakati pa anthu oposa 200, zotsatira za mu 2016 sizidaonetse kusiyana pa chimfine. Kafukufuku wina wa ku Australia wa mu 2011, pakati pa opalasa njinga, adapeza phindu mwa amuna koma osati mwa akazi.

Pa za m'mimba, akatswiri a ku Liverpool adapereka ma probiotic kwa masiku 28 kwa ena mwa anthu 24 okonzekera marathon. Zotsatira za mu 2019 zidaonetsa kuti amene adalandira adavutika pang'ono m'mimba chakumapeto kwa mpikisano poyerekeza ndi anzawo. Apanso nthawi yomalizira mpikisano sidasiyane.

Nkhani imene idamveka kwambiri m'manyuzipepala ndi ya ku Boston, ku America. Asayansi a ku Harvard atayeza chimbudzi cha anthu othamanga Boston Marathon, adapeza kuti bakiteriya wotchedwa Veillonella amachuluka mpikisano ukatha. Bakiteriyayu amadya lactate, chinthu chimene minofu imatulutsa ikamagwira ntchito mwamphamvu. Atamuika m'mimba mwa mbewa za m'labotale, mbewazo zidathamanga nthawi yotalikirapo ndi 13 peresenti. Kafukufukuyu adatuluka mu 2019, ndipo otsatsa malonda amamutchula kawirikawiri. Chimene satchula n'chakuti amene adathamanga motalikirapo ndi mbewa, osati anthu.

Mabungwe aakulu a zamasewero adaunika umboni wonsewu. Mu 2018, akatswiri a International Olympic Committee adaika ma probiotic m'gulu la zinthu zimene zili ndi umboni wapakatikati pothandiza chitetezo cha m'thupi. Mu 2019, bungwe la International Society of Sports Nutrition lidanena kuti mitundu ina imachepetsa kuchuluka ndi kukula kwa matenda a chimfine ndi a m'mimba, koma lidatsindika kuti zonse zimadalira mtundu ndi mlingo. Ndi bwinonso kudziwa kuti kafukufuku wambiri wa m'gawoli amakhudza anthu ochepa, ndipo wina amalipiridwa ndi makampani opanga katunduyo.

Mwachidule, phindu la ma probiotic kwa wochita masewero ndi lodzera kuseri. Amene sadwaladwala saphonya masiku okonzekera, ndipo amene saphonya masiku okonzekera ndiye amakhwima. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Matumbo a Mmalawi si a mzungu

Pafupifupi kafukufuku yense amene watchulidwa pamwambapa adachitika pakati pa anthu a ku Ulaya, Australia ndi America, amene amadya mokwanira ndi kumwa madzi a m'mipope yotetezedwa. Kodi zotsatira zake zingagwire ntchito kwa mnyamata wa kwa Nkhulambe?

Pali chifukwa chokayikira. Kafukufuku amene adatuluka mu 2012 m'magazini ya sayansi ya Nature adayerekeza tizilombo ta m'matumbo a anthu a kumidzi ya ku Malawi, a kumidzi ya ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku America. Adapeza kuti Amalawi ndi anthu a ku Venezuela ali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya kuposa a ku America, ndipo mabakiteriyawo ndi ozolowera kugaya chimanga ndi zakudya zina zochokera kumunda. Izi zikutanthauza kuti bakiteriya wa m'kapisozi akafika m'matumbo a Mmalawi amapeza mudzi wosiyana ndi umene adayesedwako.

Ma probiotic adayesedwaponso m'dziko muno, ngakhale kuti sikudali pakati pa ochita masewero. Mu 2005 kudatuluka zotsatira za kafukufuku amene adapereka Lactobacillus GG kwa ana a kumudzi a zaka zitatu mpaka zisanu kwa masiku 30, pofuna kulimbitsa khoma la matumbo limene limafooka chifukwa chokhala m'malo osowa ukhondo. Palibe kusintha kumene kudaoneka. Mu 2009, magazini ya The Lancet idafalitsa kafukufuku amene adachitikira pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pakati pa ana 795 onyentchera kwambiri. Kuonjezera ma probiotic m'chiponde chawo sikudachulukitse chiwerengero cha ana ochira.

Ana odwala si ofanana ndi achinyamata amphamvu othamanga paphiri, choncho zotsatirazi sizikutseka nkhani. Koma zikupereka chenjezo lomveka. Pamene thupi likulandira tizilombo toipa tsiku ndi tsiku kudzera m'madzi ndi m'zakudya, kapena pamene chakudya chenichenicho chikuperewera, tizilombo tabwino ta m'kapisozi sitingathe kukonza zonse.

Madzi ndiwo oyamba

Boma la Phalombe, limene lidapatulidwa ku Mulanje mu 1998, lidali ndi anthu pafupifupi 430,000 pakalembera wa mu 2018. Mbali ina likugundana ndi phiri, mbali ina ndi nyanja ya Chilwa, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mbiri ya mavuto a madzi. Akuluakulu sadaiwale napolo wa mu March 1991 amene adatsika ku Michesi. Mu March 2023, namondwe wa Freddy adakokolola midzi, minda, milatho ndi zimbudzi, ndipo Phalombe idali limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa kwambiri.

Namondweyo adafika dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera umene udayamba mu March 2022 ndipo udapha anthu oposa 1,700. Kunyanja ya Chilwa kolera ndi mlendo wozolowereka, makamaka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, ndipo n'chifukwa chake mu 2016 kudachitika ntchito yapadera yopereka katemera m'madera a m'mbali mwa nyanjayi ku Machinga, Zomba ndi Phalombe. Likodzo ndi njoka zam'mimba nazonso n'zofala m'madera a m'madambo, ndipo zimachepetsa magazi. Wothamanga wochepa magazi amatopa msanga ngakhale atamwa makapisozi a mtundu wanji.

Kwa timu ya mpira imene imamwera m'ndowa imodzi ndi kapu imodzi panthawi yopuma, chinthu choyamba choteteza matumbo si probiotic. Ndi madzi owiritsa kapena othira kolorini, sopo wosambira m'manja, ndi botolo la aliyense payekha. Chachiwiri ndi kuyezetsa likodzo, malungo ndi kuchuluka kwa magazi kuchipatala nyengo ya masewero isadayambe. Wosewera akatsekula m'mimba, mankhwala ake oyamba ndi Thanzi ORS, ndipo matenda akapitirira apite kuchipatala, osati kukagula yogati.

Chachitatu ndi chakudya chimene tizilombo tabwino ta m'matumbo timadalira. Timadya zigawo za zomera zimene mimba sigaya, ndipo zimenezi zili mu mgaiwa, nandolo, khobwe, nyemba, mbatata, nthochi, masamba ndi mapira. Apa Phalombe ili ndi mwayi, chifukwa ndi limodzi mwa maboma olima nandolo ndi mapira kwambiri. Wosewera amene wasiya mgaiwa ndi nandolo n'kumadalira mabanzi ndi zakumwa zotsekemera akumana chakudya tizilombo timene ali nato kale. Chofunika kukumbukira n'chakuti zakudya zolemera chotere si za m'mawa wa tsiku la mpikisano, chifukwa zimachedwa kugayika ndipo zimadzaza mpweya m'mimba.

Thobwa ndi chambiko

Amalawi adayamba kusasitsa zakudya kalekale liwu loti probiotic lisadabadwe. Thobwa limapangidwa pophika phala la ufa wa chimanga, kulisiya lizizire pang'ono, n'kuthiramo chimera cha mapira kapena mawere. Chimera chimasungunula phalalo n'kusandutsa ufa kukhala shuga, ndipo m'maola otsatira mabakiteriya opanga asidi pamodzi ndi yisiti zimayamba ntchito, zimene zimabweretsa kakomedwe kowawasa kaja. Chambiko nacho ndi mkaka umene mabakiteriya a mtundu womwewo ausasitsa. Mabakiteriyawa ndi a m'mafuko omwe aja amene amaikidwa m'makapisozi.

Kodi ndiye kuti thobwa ndi probiotic? Potsatira tanthauzo la 2001 lija, yankho ndi ayi, pazifukwa zitatu. Choyamba, m'makomo ambiri thobwa limaphikidwanso tsiku lachiwiri, ndipo moto umapha tizilombo tonse, tabwino ndi toipa tomwe. Chachiwiri, mitundu ndi kuchuluka kwa tizilombo kumasiyana kuchokera pamtsuko wina kufika pa unzake, malinga ndi chimera, nyengo ndi masiku amene thobwalo lakhala. Chachitatu, chakumwa chimatchedwa probiotic pokhapokha phindu la tizilombo take litatsimikizidwa mwa anthu.

Izi sizikuchotsa ulemu wa thobwa. Limapereka madzi ndi mphamvu nthawi imodzi, siliuma pakhosi, ndipo mtengo wake ndi wofikirika, n'chifukwa chake olima ndi a kabaza amalidalira. Asidi wa m'zakudya zosasa amalepheretsa tizilombo tambiri toyambitsa matenda kuswana. Chambiko chimaonjezera mapuloteni ofunika pokonzanso minofu pambuyo pa masewero, ndipo anthu ena amene mkaka wamba umawatsekula m'mimba amatha kumwa wosasa popanda vuto.

Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Thobwa la pamsika nthawi zambiri limathiridwa m'mabotolo otoleredwa, ndipo ngati atsukidwa ndi madzi oipa, chakumwa chabwino chimasanduka njira ya matenda. Chimera chikapangidwa kuchokera ku mbewu zonyowa kapena kuyanikidwa mosasamala chimagwira chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Kafukufuku wa Limbikani Matumba ndi anzake, amene adatuluka mu 2011, adapeza poizoniyu m'chimera cha mapira ndi mowa wamasese m'chigawo cha kummwera. Komanso thobwa likakhalitsa limayamba kusanduka mowa, umene suyenera wothamanga. Mkaka wopangira chambiko nawo uyenera kuwiritsidwa kaye usadasasitsidwe.

Msika wa makapisozi ndi misampha yake

Wosewera amene wasankha kugula ma probiotic a m'sitolo amakumana ndi mavuto ena. Tizilombo tamoyo timafa ndi kutentha ndi chinyezi. Mitundu ina imafuna firiji, pamene nyumba zambiri za kumidzi ya ku Phalombe zilibe magetsi, ndipo m'miyezi ya October ndi November chigwa cha Phalombe chimatentha kwambiri. Botolo limene layenda masiku ambiri m'galimoto n'kukhala padzuwa pamsika likhoza kukhala ndi tizilombo takufa tokhatokha, ngakhale chizindikiro chikunena mabiliyoni.

Yogati nayenso si yense amene ali probiotic. Wina amatenthedwa atapangidwa kale kuti asaonongeke msanga, ndipo wina ndi wodzaza shuga. Wogula ayang'ane ngati paketi ikutchula kuti muli tizilombo tamoyo, dzina lonse la mtundu wake, tsiku lothera ntchito, ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Kwa amene akulakalaka kuimira dziko, pali msampha wina woopsa. Kafukufuku amene adachitikira ku Cologne, ku Germany, ndi thandizo la International Olympic Committee, adayeza zinthu 634 zoonjezera m'thupi zogulidwa m'maiko 13, ndipo pafupifupi 15 mwa 100 zilizonse zidapezeka ndi mankhwala oletsedwa amene sadalembedwe pachizindikiro. Ma probiotic paokha saletsedwa ndi bungwe la World Anti-Doping Agency, koma katundu wosakaniza amene amalonjeza mphamvu, minofu ndi m'mimba mwabwino nthawi imodzi ndi wokayikitsa. Lamulo la bungweli ndi lakuti wosewera ndiye amayankha pa chilichonse chopezeka m'thupi mwake, kaya adadziwa kapena ayi. Safunsa adadya phula.

Akatswiri amalangizanso kuti amene akufuna kuyesa probiotic ayambe masabata awiri kapena kuposerapo mpikisano usadafike, chifukwa masiku oyamba ena amadzimbidwa kapena kumva mpweya m'mimba. Kuyesa chinthu chatsopano patsiku la mpikisano ndi kudziputira ngozi. Anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri chifukwa cha matenda kapena mankhwala ayenera kufunsa dokotala asadayambe.

Phunziro lochokera kwa anansi

Pakati pa thobwa losadziwika za m'kati mwake ndi kapisozi wodula wochokera kunja pali njira yachitatu, imene maiko oyandikana nawo adaiyesa kale. Ku Mwanza, m'dziko la Tanzania, magulu a amayi akhala akupanga yogati wotchedwa Fiti kuyambira m'zaka za m'ma 2000, pogwiritsa ntchito mtundu wodziwika wa Lactobacillus rhamnosus mothandizana ndi yunivesite ya Western ya ku Canada. Ku Uganda, bungwe la Yoba for Life, limene adayambitsa asayansi a ku Netherlands, Remco Kort ndi Wilbert Sybesma, limagawa timapaketi ta mbewu ya mabakiteriya touma. Kapaketi ka galamu imodzi kamakwanira kusasitsa malita 100 a mkaka, ndipo magulu ang'onoang'ono a alimi amapanga yogatiyo n'kumagulitsa m'midzi ndi m'sukulu.

Chosangalatsa kwa Mmalawi n'chakuti mbewu yomweyi idayesedwanso m'zakumwa zofanana ndi zathu: obushera wa ku Uganda, amene amapangidwa kuchokera ku mapira, phala la uji la kummawa kwa Africa, ndi mutandabota wa ku Zimbabwe, amene ndi mkaka wosakaniza ndi malambe. Mabakiteriyawo adaswana bwino m'zakumwa zimenezi. Palibe chifukwa chodziwika chimene chingalepheretse kuyesa zomwezi m'thobwa la mapira a ku Phalombe, kapena m'chambiko cha mkaka wa alimi a m'maboma oyandikana nawo a Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, kumene kuli magulu ambiri osonkhanitsa mkaka.

Apa mpofunika kusamala. Bakiteriya wa Yoba ndi wofanana ndi Lactobacillus GG uja amene sadathandize ana a kumudzi m'kafukufuku wa 2005. Choncho kukhala nako kotsika mtengo si umboni woti athandiza othamanga. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imapereka chakumwa chimene mtundu ndi kuchuluka kwa tizilombo take n'zodziwika, ndipo chinthu chodziwika ndicho chingayesedwe moona.

Ntchito ya ndani?

Zipangizo zoyesera zilipo m'dziko muno. Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ili ndi akatswiri a sayansi ya zakudya, ya KUHeS ili ndi a zaumoyo ndi tizilombo, ndipo ya MUST ili ku Thyolo, ulendo wosakwana tsiku kuchokera ku Phalombe. Kafukufuku wofunikayo si wovuta kumvetsa: kutenga osewera a matimu angapo, ena kuwapatsa thobwa lothira mbewu yodziwika, ena thobwa lowiritsa lopanda tizilombo, n'kumawerenga masiku amene aliyense wadwala m'nyengo yonse yozizira. Zotsatira zake, kaya zabwino kapena ayi, zingakhale za Amalawi, zochokera m'matumbo a Amalawi.

Malawi National Council of Sports, Malawi Olympic Committee ndi mabungwe oyendetsa mpira ndi mipikisano yothamanga ali ndi gawo lawo. Maphunziro a makochi a m'maboma ayenera kukhala ndi mutu wa madzi, chakudya ndi kuopsa kwa zoonjezera m'thupi, chifukwa kochi wa kumudzi ndiye amene wosewera amamufunsa asadagule chilichonse. Khonsolo ya Phalombe ndi alangizi a zaumoyo akhoza kuphunzitsa amayi ogulitsa thobwa m'mabwalo a masewero kasamalidwe ka chimera ndi katsukidwe ka mabotolo m'malo mongodikira mliri kuti awaletse malonda. Makampani othandiza mipikisano, amene amagula zikho ndi mayunifolomu, akhoza kuonjezera chidebe cha madzi otetezedwa pa bajeti yawo.

Pamene zimenezi zikudikira, wothamanga wa ku Phalombe ali ndi ndondomeko imene umboni ukuivomereza kale. Amwe madzi otetezedwa, adye mokwanira mgaiwa ndi nandolo wa m'munda mwake, ayezetse likodzo ndi magazi, agone mokwanira, ndipo amwe thobwa kapena chambiko chokonzedwa mwaukhondo. Kapisozi wa probiotic abwere pamapeto pa mndandandawu, ngati ndalama yatsala ndipo dzina la mtundu wake likudziwika. Amene angasinthe ndondomekoyi n'kuyambira kumapeto adzakhala atagula chinthu chimene phindu lake ndi laling'ono, n'kusiya zinthu zimene zikadamufikitsa wathanzi pamzere woyambira pa Likhubula.